Pangano liyambe, JSON kapena Protobuf zibwere pambuyo

Ntchito zambiri za pakompyuta masiku ano sizilembedwa m'chilankhulo chimodzi. Pulogalamu ya pafoni imakhala ya Kotlin, seva ya PHP kapena Go, tsamba la pa intaneti la JavaScript, ndipo wowerengetsa malipoti kumapeto kwa mwezi amagwiritsa ntchito Python. Onsewa ayenera kupatsirana zinthu zomwezo: mbiri ya kasitomala, katundu amene wagula, ndalama zimene walipira ndi tsiku limene walipira. Ikafika nthawi yopangana kapatsidwe kake, mkangano umene umabuka kawirikawiri ndi wa liwiro. Pa mitundu ya kalembedwe ka uthenga, wina akufuna JSON poti aliyense amaidziwa, wina akuti Protobuf ndi yaing'ono komanso yothamanga, wachitatu wamvako za MessagePack. Ine ndikuti mkangano umenewu umayamba nthawi yake isanakwane. Deta imawonongeka pakati pa zilankhulo ziwiri chifukwa mbali ziwirizo sizinalembe pangano la tanthauzo la chilichonse chimene zikupatsirana, ndipo mtundu wa fayilo umene mwasankha sungakulembereni panganolo.

Chimene opanga mapulogalamu amachitcha serialization ndi kusandutsa chinthu chimene chili mu memory kukhala mzere wa ma byte woti ungalembedwe m'fayilo kapena kudutsa pa netiweki, kenako n'kuchimanganso tsidya linalo. Mu memory chinthu chimodzi chimakhala chomwazika. Dzina lili pa adiresi iyi, mndandanda wa katundu uli pa adiresi ina, ndipo zimalumikizidwa ndi ma pointer, manambala oloza malo. Adiresi yotere ilibe tanthauzo pa kompyuta ina, ngakhale pa kompyuta yomweyo pulogalamu ikatsekedwa n'kutsegulidwanso. Pamwamba pa izo, chilankhulo chilichonse chili ndi mitundu yakeyake. Python ili ndi tuple, set ndi Decimal, ndipo nambala yake yathunthu imakula mpaka memory itatha. Java ili ndi int ya ma bit 32 ndi long ya ma bit 64. PHP ili ndi array imodzi yogwira ntchito ziwiri, ya mndandanda ndi ya kaundula wa makiyi. JavaScript inakhala zaka zambiri ndi mtundu umodzi wokha wa nambala, BigInt isanabwere mu 2020. Ndiye chinthu chanu sichiwoloka malire. Chimawoloka ndi malongosoledwe ake, ndipo winayo amamanga chakechake potsata malongosoledwewo.

Njira yokopa kwambiri ndi imene chilankhulo chimabwera nayo: pickle ya Python, ObjectOutputStream ya Java, serialize ya PHP, Marshal ya Ruby. Mzere umodzi wa code, chinthu chonse chalowa m'fayilo ndi nthambi zake zonse. Njira imeneyi ikanidwe pa malire alionse, ngakhale pamene mbali zonse ziwiri lero zili m'chilankhulo chimodzi. Chifukwa choyamba n'choonekeratu: pulogalamu ya Go singawerenge bwino fayilo ya pickle, poti m'katimo muli maina a ma class a Python amene Go siiwadziwa. Chifukwa chachiwiri ndi choopsa. Pickle ndi malangizo amene wowerenga amawatsata pomanganso chinthu, ndipo malangizowo angathe kunena kuti "itana function yakutiyakuti ndi mawu awa". Wotumiza akaika `os.system` pamenepo, seva yanu imathamangitsa lamulo lililonse limene iye wafuna, code yanu isanaone n'komwe zimene zafika. Mabuku a Python eniake amachenjeza za zimenezi pamwamba penipeni pa tsamba la pickle. Mu Januwale 2013 Ruby on Rails, chida chomangira mapulogalamu a pa intaneti mu Ruby, inapezeka ndi bowo lotere, lolembedwa m'kaundula wa mabowo a chitetezo ngati CVE-2013-0156, lodzera mu YAML yobisika m'kati mwa XML, imene ndi mitundu ina iwiri yolembera deta. Mu 2015 Chris Frohoff ndi Gabriel Lawrence anaonetsa mmene ma class wamba a Apache Commons Collections angalumikizidwire kuti athamangitse malamulo pa seva ya Java, ndipo chaka chisanathe zinaoneka kuti WebLogic, WebSphere, JBoss ndi Jenkins zonse zinali pangozi. Microsoft inafika pochotseratu njira yake yotere, BinaryFormatter, mu .NET 9 chaka cha 2024. Mukaona uthenga wochokera kunja ukuyamba ndi ma byte AC ED 00 05, kapena ndi zilembo rO0AB ngati wadutsa mu base64, njira yolembera ma byte ngati zilembo, dziwani kuti pali seva ya Java imene ikumanga zinthu motsata malangizo a mlendo.

Ndiye ambiri amathawira ku JSON, ndipo amachita bwino. Douglas Crockford anaifalitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, malamulo ake alero ali m'chikalata cha miyezo ya pa intaneti chotchedwa RFC 8259 cha 2017, ndipo palibe chilankhulo chotchuka chimene sichiiwerenga. Ili ndi zinthu zisanu ndi chimodzi zokha: object, array, string, nambala, true kapena false, ndi null. Kuchepa kumeneku ndiye mphamvu yake, komanso ndi pamene anthu amanamizikira. Amaona kuti uthenga wawerengedwa popanda dandaulo n'kuganiza kuti wamveka.

Tiyambe ndi manambala, poti ndi amene amawononga mwakachetechete. JSON sinena kuti nambala ikhale yaikulu bwanji. JavaScript imasunga nambala wamba ngati double, mtundu wa nambala ya ma bit 64 yotha kukhala ndi kadontho, imene imagwira nambala yathunthu molondola mpaka 9007199254740991 basi. Long ya Java imafika 9223372036854775807. Seva ya Java ikatumiza ID 9007199254740993, tsamba la JavaScript limailandira ngati 9007199254740992, osadandaula konse. Tsopano batani lofufuta likuloza mbiri ya munthu wina. Twitter inakumana ndi zimenezi mu 2010 pamene inayamba kupanga ma ID aakulu a ma bit 64, ndipo mankhwala ake anali kuwonjezera munda (field, malo okhala ndi dzina mu uthenga) wachiwiri, `id_str`, wonyamula nambala yomweyo ngati string. Go nayo imatero mukawerenga JSON osatchula mtundu: nambala iliyonse imasanduka float64 pokhapokha mutayatsa `UseNumber`. PHP imasandutsa nambala yopitirira malire kukhala float mukapanda kuipatsa `JSON_BIGINT_AS_STRING`. Lamulo loyenera kulembedwa m'pangano ndi losavuta: ID iliyonse ndi string, ngakhale ikuoneka ngati nambala. Nambala ya foni chimodzimodzi, chifukwa ziro wa kutsogolo ndi chizindikiro cha +265 zimathothoka ikangosanduka nambala yowerengera. Ndipo manambala otayika motere sabwereranso. Madzi akatayika saoleka. Mukasunga ID yodulidwa mu database, palibe njira yodziwira kuti inali chiyani.

Ndalama zili ndi msampha wakewake. Mu Python ndi mu JavaScript momwe, 0.1 kuphatikiza 0.2 imatuluka 0.30000000000000004, chifukwa double imawerenga mu binary ndipo 0.1 ilibe mathero mmenemo. Kusiyana kotere sikuoneka pa risiti imodzi, kumaonekera kumapeto kwa mwezi pamene mabuku awiri akulephera kugwirizana ndi matambala ochepa amene palibe angawalondole. Njira zabwino zilipo ziwiri. Mungatumize nambala yathunthu ya tindalama tating'ono, K1,500.75 n'kukhala 150075, kapena string "1500.75" yoti winayo aiwerenge ndi Decimal kapena BigDecimal. Iliyonse imene mwasankha, ikani pambali pake chizindikiro cha ndalama cha ISO 4217, monga MWK kapena ZMW, chifukwa si ndalama zonse zimagawika pa 100: yen ya ku Japan sigawika, dinar ya ku Kuwait imagawika pa 1000. Nambala yopanda muyezo ili ngati kugula chimanga pa ndowa musanaone ndowayo. Wogulitsa ndi wogula onse akuti "ndowa zitatu", koma aliyense ali ndi ndowa yake m'mutu.

Palinso NaN, chizindikiro chakuti "si nambala", ndi Infinity, zimene JSON siizivomereza. `json.dumps` ya Python imazilemba momwemo mukapanda kuiletsa ndi `allow_nan=False`, ndipo `JSON.parse` ya JavaScript imakana uthenga wonse chifukwa cha mawu amenewo. JavaScript ikamalemba yokha imasandutsa NaN kukhala null. Amene amatulutsa malipoti ndi pandas, library ya matebulo ya Python, amakumana nazo kawirikawiri, poti kabokosi kopanda kanthu kamakhala NaN.

Masiku ndi nthawi JSON siidziwa n'komwe, choncho aliyense amapeka zake. Python ikanena nthawi ya Unix, yowerengedwa kuchokera pa 1 Januwale 1970, imawerenga masekondi, JavaScript imawerenga ma millisecond. Nambala 1700000000 ndi 14 Novembala 2023 kwa woyamba, koma kwa wachiwiri ndi 20 Januwale 1970. Cholakwika chotere n'chabwinoko chifukwa chimaoneka msanga. Chobisika ndi cha tsiku lobadwa. Munthu ali ku Lilongwe asankha 5 Malichi pa fomu, JavaScript ipanga Date ya pakati pa usiku nthawi ya kwathu, imene ili maola awiri patsogolo pa UTC, ndipo polemba JSON imatuluka 2024-03-04T22:00:00.000Z. Seva ikadula zilembo khumi zoyamba, munthuyo wabadwa pa 4. Pangano lisiyanitse zinthu ziwiri zimene zilankhulo zambiri zimazisakaniza. Mphindi yeniyeni imene chinthu chinachitika ilembedwe motsata RFC 3339, ndi Z kapena +02:00 kumapeto. Tsiku la pa kalendala, monga lobadwa kapena lothera chiphaso, lilembedwe 2024-03-05 lokha ndipo lisadutse mu mtundu uliwonse wokhala ndi ola. Dziwaninso kuti `fromisoformat` ya Python inkakana Z wa kumapetoyo mpaka Python 3.11, ndiye seva yakale ingagwe pa uthenga wolondola.

Mindandanda nayo simakhala bata. PHP imalemba array ngati mndandanda wa JSON pokhapokha makiyi ake akuyenda 0, 1, 2 osadumpha. Chotsani chinthu chapakati ndi `unset` kapena `array_filter`, makiyi atsala 0 ndi 2, ndipo zotuluka zasanduka object. Pulogalamu ya pafoni imene imayembekeza mndandanda imagwa, koma imagwa kwa makasitomala okhawo amene chinthu chawo chinachotsedwa, ndiye wofufuza amavutika kuchibwereza. Mankhwala ndi `array_values` musanalembe. Kaundula wopanda kanthu amatulukanso ngati mndandanda wopanda kanthu. Go imalemba slice (mndandanda wake) ya nil, yosapangidwa n'komwe, ngati null pamene slice yopanda kanthu imailemba ngati mndandanda, ndipo `omitempty` imachotsa munda umene uli 0, kotero kasitomala amene ngongole yake yatha amaoneka ngati alibe mbiri ya ngongole. Python imasandutsa kiyi wa nambala kukhala string, ndipo akabwerera sakhalanso nambala. JavaScript imalemba Map ngati object yopanda kanthu, deta yonse yasowa popanda chenjezo. Apa pangano liyankhe funso limene anthu amalizemba: munda kusowa, munda kukhala null, ndi munda kukhala wopanda kanthu, zikutanthauza chimodzi kapena zitatu zosiyana? Mu JSON Merge Patch ya RFC 7396, njira yotumizira zosintha zokha, null amatanthauza "fufuta" pamene kusowa kumatanthauza "usakhudze". Mbali imodzi ikasakaniza ziwirizi, kusintha nambala ya foni kumafufuta adiresi.

Kusiyana kwa owerenga kungakhalenso khomo la wakuba. RFC 8259 imangolangiza kuti kiyi asabwerezedwe mu object imodzi, siiletsa. Mu 2017 CouchDB inapezeka ndi bowo CVE-2017-12635 chifukwa cha zimenezi. Database imeneyi inali ndi owerenga JSON awiri, wa Erlang ndi wa JavaScript. Munthu akatumiza pempho lotsegula akaunti lokhala ndi kiyi `roles` kawiri, woyamba wonena `_admin` wachiwiri wopanda kanthu, mbali ya JavaScript yofufuza chilolezo inkaona wachiwiri n'kuvomereza, pamene mbali ya Erlang inkatsata woyamba. Mlendo aliyense ankatha kudzipanga woyang'anira. Palibe wowerenga amene anaphwanya malamulo a JSON. Awiriwo sanapangane basi.

Za zilembo ndingonena zokhudza ife. JSON yodutsa pakati pa makompyuta iyenera kukhala UTF-8. Chilembo ŵ ndi U+0175, ma byte awiri C5 B5, ndipo wowerenga akayesa kuti ndi Latin-1, Malaŵi amasanduka MalaÅµi. Chilembo chomwecho chingalembedwenso ngati w wotsatidwa ndi kachizindikiro U+0302. M'maso n'zofanana, kwa kompyuta n'zosiyana, ndiye dzina limodzi limalowa kawiri m'kaundula. Sankhani NFC, kalembedwe kamene kamasandutsa ziwirizi kukhala chilembo chimodzi, muilembe m'pangano. Mukanena kuti dzina lisapitirire 50, nenaninso 50 chiyani, poti Malaŵi ndi 6 kwa Python koma 7 kwa `len` ya Go ndi `strlen` ya PHP, zimene zimawerenga ma byte.

YAML sindiilimbikitsa pa mauthenga a pakati pa mapulogalamu. Mu YAML 1.1, imene PyYAML ya Python imatsatabe, NO wopanda zizindikiro za mawu amawerengedwa ngati false, kotero chidule cha dziko la Norway chimasowa pa mndandanda wa maiko, 1.10 amasanduka 1.1, ndipo 0123 amasanduka 83. Ikhale ya mafayilo a makonzedwe olembedwa ndi munthu, ndipo iwerengedwe ndi `safe_load`.

Tsopano zinthu zolukanalukana, zimene kwenikweni zimakankhira anthu ku pickle. JSON, Protobuf ndi Avro zonse zimalemba mtengo: chinthu chili ndi ana, ana ali ndi ana awo, palibe wobwerera kwa kholo. Deta yeniyeni siikhala choncho. Ma oda makumi asanu amaloza kasitomala mmodzi. Wantchito amaloza bwana wake, bwana ali ndi mndandanda wa antchito ake. Polemba zoyambazo kasitomala amakopedwa makumi asanu, ndipo tsidya linalo kusintha mmodzi sikusintha enawo. Polemba zachiwirizo Python imaima ndi ValueError, JavaScript ndi TypeError, pamene ma library ena amazungulira mpaka stack itadzaza. Jackson ya Java ndi Json.NET zili ndi njira zawo zoika zizindikiro monga `@id` kapena `$ref`, koma ndi miyambo ya library imodzi imene wowerenga wa PHP saidziwa. Njira yokhalitsa ndi imene database imagwiritsa ntchito. Patsani chinthu chilichonse ID, lembani mndandanda wa makasitomala paokha ndi wa ma oda paokha, oda inyamule ID ya kasitomala wake. Wowerenga adutse kawiri: ulendo woyamba amange zinthu zonse n'kuziika m'kaundula wa ma ID, ulendo wachiwiri alumikize. ID yoloza chinthu chimene mulibe ikanidwe pomwepo. Ndi ntchito ya mizere makumi angapo m'chilankhulo chilichonse, ndipo ndi yoyenera kuigwira.

Chinthu chokhala ndi maonekedwe angapo, monga malipiro amene angakhale a khadi, a pafoni kapena a ndalama m'manja, chinyamule munda wonena mtundu wake, wochokera pa mndandanda wotsekeka umene uli m'pangano. Musalembemo dzina la class. Limamangirira uthenga ku chilankhulo chimodzi, ndipo limatsegulanso khomo lija la pickle: bowo CVE-2017-7525 la Jackson linabwera chifukwa cholola uthenga kusankha class yoti imangidwe. Ikaninso malire a kukula ndi kuya kwa uthenga. `json_decode` ya PHP imaima pa masitepe 512, Protobuf ya Java ndi C++ pa 100. Wowerenga wopanda malire angagwetsedwe ndi fayilo yaing'ono ya mindandanda yolowana zikwi zambiri.

Zonse ndatchulazi ndi zigamulo, ndipo zigamulo zosalembedwa zimakhala m'mutu mwa munthu mmodzi amene tsiku lina adzasiya ntchito. Malo ake ndi schema, fayilo yosakhala ya chilankhulo chilichonse, yosungidwa mu git, imene mbali zonse zimatengako code. Ubwino weniweni wa Protocol Buffers (Protobuf), imene Google inatulutsa poyera mu 2008, uli pamenepa: singagwire ntchito musanalembe fayilo ya `.proto`. Munda uliwonse umapatsidwa mtundu ndi nambala, ndipo pa waya pamadutsa nambalayo, dzina limatsala. Munda 1 wonyamula 150 umalembedwa ndi ma byte atatu, 08 96 01. Woyambayo ndi nambala ya munda yosunthidwa ma bit atatu kumanzere kuphatikiza mtundu wa kalembedwe, awiri otsatirawo ndi 150 wodulidwa m'magulu a ma bit 7. Uthenga womwewo mu JSON, ndi kiyi "ndalama", umatenga ma byte 15. Minda 1 mpaka 15 imatenga byte imodzi ya chizindikiro, 16 mpaka 2047 imatenga awiri, ndiye manambala aang'ono apite ku minda yobwera kawirikawiri.

Chifukwa cha manambalawa malamulo osinthira amakhala omveka. Dzina la munda mungalisinthe osaphwanya ma byte, ngakhale limaphwanya amene akuwerenga uthengawo ngati JSON. Munda watsopano utenge nambala yatsopano, wowerenga wakale angoudumpha. Munda wochotsedwa nambala yake ilembedwe pa `reserved` ndipo isadzagwiritsidwenso ntchito, apo ayi uthenga wakale umene uli mu Kafka, pulogalamu yosunga mauthenga pa mzere pakati pa ma seva, kapena m'fayilo udzawerengedwa ndi tanthauzo latsopano popanda dandaulo lililonse. Protobuf ili ndi misampha yake, ndipo amene amaitama asaibise. Mu proto3, kope lachitatu la malamulo a `.proto`, nambala ya 0 situmizidwa, kotero wowerenga sangasiyanitse "ngongole ndi 0" ndi "sananene za ngongole" mukapanda kulemba `optional`, imene inabwerera mwalamulo mu 3.15. Int32 yokhala ndi minus imatenga ma byte 10, ndiye pamenepo pafunika sint32. Kusintha int64 kukhala int32 kumadula nambala mwakachetechete. Chinthu choyamba cha enum, mndandanda wotsekeka wa mayankho, chimakhala 0, ndipo 0 ndi chimenenso wowerenga amaona munda ukasowa, choncho malo amenewo akhale a "sichinatchulidwe". Mukaikapo "zalipidwa", uthenga uliwonse wosanena kanthu udzaoneka wolipidwa. Avro, yochokera ku gulu la Hadoop mu 2009, inatsata njira ina. Ma byte ake alibe manambala a minda, wowerenga amafunika schema ya wolemba pamodzi ndi yake n'kufananiza maina, ndipo munda watsopano wopanda mtengo wa default umalepheretsa kuwerenga mauthenga akale. N'chifukwa chake ogwiritsa ntchito Kafka amaika ma byte 5 kutsogolo kwa uthenga, oloza schema imene ili mu registry.

Pali chitsutso chimene ndimachilemekeza. Gulu la anthu atatu likumanga pulogalamu imene mwina sidzafika chaka chamawa, ndipo `protoc` (chida chosandutsa `.proto` kukhala code), code yotulutsidwa ndi makina, ndi mauthenga osawerengeka ndi maso ndi katundu wolemera. Uthenga wa JSON mungauone mu browser kapena ndi `curl` nthawi ya 2 koloko usiku zinthu zitavuta, wa Protobuf umafuna chida ndi fayilo ya schema yolondola. Zimenezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikuuza aliyense kuti asiye JSON. Chimene chitsutsochi sichingachotse ndi pangano. JSON Schema kapena OpenAPI imalemba zigamulo zomwezo pamwamba pa JSON wamba: munda uwu ndi string ya maonekedwe awa, uwu ungasowe, uwu uli ndi mayankho atatu okha. Gulu losalemba schema limakhala nayobe, yomwazika m'mafayilo anayi a zilankhulo zinayi, iliyonse yosiyana pang'ono ndi inzake.

Nanga liwiro? Liyezeni musanalilipirire. JSON yodutsa mu gzip imachepa kwambiri chifukwa makiyi obwerezabwereza ndi amene amapanikizika bwino, ndipo pa mauthenga a foni ndi seva nthawi yambiri imathera pa netiweki ndi mu database. Pamene ma seva akupatsirana mauthenga ambirimbiri pa sekondi, kapena kachipangizo kali ndi memory yochepa, binary imapindula. MessagePack ndi CBOR, yomwe malamulo ake ali mu RFC 8949, zimachepetsa kukula ndipo zimasiyanitsa nambala yathunthu, float ndi ma byte osaphika, koma sizinena kuti munda ukutanthauza chiyani. Deta ya matebulo a mizere mamiliyoni pakati pa Python, R ndi Java ndi nkhani ina, imeneyo ipite mu Parquet kapena Apache Arrow.

Chinthu chimodzi chimene palibe mtundu umakupatsani mwaulere ndi ma byte ofanana nthawi zonse. Python imaika mpata pambuyo pa koma ndi kolononi, JavaScript siika. PHP imalemba / ngati \/. Go imasanja makiyi a map ndipo imalemba < ngati \u003c. Mabuku a Protobuf amanena okha kuti kalembedwe kake sikotsimikizika kukhala kofanana pakati pa ma library. Choncho mukalandira uthenga wosainidwa, monga wochokera ku kampani ya malipiro, fufuzani HMAC, siginecha ya uthengawo, pa ma byte amene afika, musanawawerenge. Mukawerenga kaye n'kulembanso, siginecha imakana pa uthenga wabwinobwino, ndipo wotopa amangozimitsa kufufuzako. Ngati mbali ziwiri ziyenera kulemba paokha n'kupeza hash imodzi, tsatani RFC 8785 ya 2020.

Pangano lolembedwa liyesedwenso, chifukwa ma library samvera schema mofanana. Jackson 2 ndi kotlinx.serialization ya Kotlin zimakana uthenga wokhala ndi munda wosaudziwa mukapanda kusintha makonzedwe, pamene Go imangoudumpha. Tanthauzo lake n'lakuti kuwonjezera munda umodzi pa seva kungagwetse pulogalamu pa mafoni onse amene sanalandire update, ndipo kumene bandulo ndi yodula, foni imatha miyezi yambiri ili ndi pulogalamu yakale. Yatsani `ignoreUnknownKeys` mu kotlinx.serialization kapena zimitsani `FAIL_ON_UNKNOWN_PROPERTIES` mu Jackson pa kope loyamba lenileni, chifukwa kope limene lili kale m'manja mwa anthu simungalikonze. Posintha, owerenga atsogole, olemba abwere pambuyo. Pochotsa munda, olemba apitirize kuutumiza mpaka ma log ataonetsa kuti makope ouwerenga atha. Pambali pa schema sungani foda ya mauthenga achitsanzo amene chilankhulo chilichonse chiyenera kuwerenga, kulembanso, n'kupeza zomwezo nthawi iliyonse code ikasintha. Mukhale ID 9007199254740993, ndalama 0, ndalama yokhala ndi minus, mndandanda wopanda kanthu, munda wa null ndi munda wosowa, dzina lokhala ndi ŵ ndi lina lokhala ndi ng', tsiku la 29 Febuluwale 2024, nthawi ya 23:30 UTC imene kwathu ndi tsiku lotsatira, enum imene wowerenga sanaionepo, ndi object ya kiyi wobwerezedwa imene onse ayenera kuikana. Uthenga wa kope lililonse limene munatulutsapo utsalemo, ndipo uchotsedwe pokhapokha seva itasiya mwalamulo kulandira kope limenelo.